Zimbale zakale za rock akuzisakanizanso: kodi zikadali nyimbo zathu zija?

Nsingano_Yakale
Akuluakulu, ndili ndi nkhani yomwe yandivuta mumtima sabata yonse ino. Mwana wanga wabwera kutchuthi kuchokera ku UK ndipo wanditengera Revolver ya Beatles, ija anaisakanizanso a Giles Martin ndi Sam Okell mu 2022. Ine Revolver ndili nayo kale. Ndi lekodi ya stereo yomwe ndinagula kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo atatsala pang'ono kubwerera kwawo, zaka zoposa 40 zapitazo. Ndaimvera mpaka ndimadziwa malo alionse pamene nsingano imathetheka.

Loweruka ndinaika yatsopanoyi. Nyimbo yoyamba, Taxman. Pa yanga yakale ng'oma, bezi ndi gitala zimaunjikana ku sipika ya kumanzere, kumanja kumangomveka tizitsulo, kenako gitala ya Paul McCartney imatulukira komweko ngati mphezi. Pa yatsopanoyi ng'oma zakhala pakati, bezi yanenepa, chilichonse chapeza malo ake. Kukoma kukukoma, sindikana. Koma mphezi ija sinandidzidzimutse. Nditafika pa Eleanor Rigby ndinadikira kakulakwitsa kaja, pamene mawu oyamba a ndime amayambira mbali zonse kenako n'kuthawira kumanja. Kulibe. Akakonza.

Funso langa ndi ili: John Lennon anamwalira, George Harrison anamwalira, George Martin woyang'anira kujambula nyimbo zawo, bambo ake a Giles, ndi injiniya wawo Geoff Emerick nawonso anatisiya. Ndiye amene akuti "apa panalakwika, tikonze" akufunsa ndani? Kodi chimbale cha 1966 chikakonzedwa mu 2022 chikadali cha 1966? Ndithandizeni maganizo, mwina ndikungokakamira zakale.

KamnyamataWaBezi
Bambo, ndi ulemu wonse, yesani kumvera yakaleyo pa mahedifoni. Khutu limodzi limalema, linalo lili pa ulova. Ine Beatles ndinayamba kuikonda chifukwa cha ma remix omwewa.

Nsingano_Yakale
Mwana wanga, mu 1966 palibe amene ankayenda mumsewu atatseka makutu ndi mahedifoni. Nyimbozi anazipangira chipinda, mawu azikumana mumpweya asanafike kukhutu.

Injiniya_Wopuma
Tisanakangane tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri, chifukwa anthu ambiri amaziphatikiza. Remaster ndi kutenga tepi yomaliza, ija anasakaniza kale, n'kuikonza pang'ono: kuonjezera kapena kuchepetsa bezi, kuchotsa kaphokoso, kukweza mawu onse pamodzi. Zili ngati kutenthetsa ndiwo zophikaphika. Remix ndi kubwerera ku matepi a matiraki ambiri, pamene ng'oma zili pazokha, mawu pawokha, n'kuphikanso kuyambira pachiyambi. Zimbale za Beatles za 2009 zinali remaster. Za Giles Martin, kuyambira Sgt. Pepper mu 2017, White Album mu 2018, Abbey Road mu 2019, Let It Be mu 2021 mpaka Revolver, ndi ma remix.

Tsopano chifukwa chomwe Taxman yakale imaunjikira zinthu kumanzere. Ku situdiyo ya EMI ku Abbey Road nthawi imeneyo ankajambula pa tepi ya matiraki anayi okha. Ng'oma, bezi ndi gitala zikajambulidwa pa tiraki imodzi, basi zakwatirana, sungazilekanitse. Posakaniza stereo, injiniya akaika tirakiyo kumanzere, zonse zimapita kumanzere. Sikunali kusankha mwaluso ayi, kunali kusowa pogwira.

Pa Sgt. Pepper zinali zosavuta pang'ono. Matiraki anayi akadzaza, ankawathira pa tepi ina kuti apeze malo ojambulira zina, ndipo EMI inasunga matepi oyambirira aja asanathiridwe. Giles anangowatenga n'kuwayendetsa limodzi pa kompyuta, zida n'kumveka zosiyana komanso zoyera chifukwa sizinadutse m'mibadwo ingapo ya tepi. Pa Revolver njira imeneyi sikanakwanira, popeza zida zambiri zinajambulidwa pamodzi kuchokera pachiyambi. Ndiye anagwiritsa ntchito pulogalamu ya akatswiri a Peter Jackson ku New Zealand, yomwe inapangidwa pokonza filimu ya Get Back ya 2021. Pulogalamuyi inaphunzitsidwa kuzindikira kulira kwa chida chilichonse n'kuchizula pakati pa zinzake.

Apa ndi pamene ine ndimaima kaye. Pa Sgt. Pepper tikumva zomwe zinalidi pa tepi. Pa Revolver tikumva zomwe makina aganiza kuti ndi ng'oma ya Ringo. Agwira ntchito yabwino kwambiri, koma kusiyana kumeneku tisakubise.

MlongoWakuLeeds
A Nsingano, pepani ndikutsutseni pang'ono. Lekodi yanu ya stereo ija si imene anyamatawo ankaisamala. Mpaka cha m'ma 1967 mtima wawo unali pa mono, chifukwa achinyamata ambiri ku Britain anali ndi galamafoni ya sipika imodzi. Pa Sgt. Pepper iwo ankakhalapo posakaniza mono, stereo n'kusiyira George Martin ndi mainjiniya. N'chifukwa chake She's Leaving Home ya mono imathamanga ndipo mawu ake ndi okwera kuposa ya stereo yakale, ndipo remix ya 2017 inatsata liwiro la mono. Ndiye mukati "yoyambirira", mukunena iti? Ine ndikafuna Revolver yeniyeni ndimaika ya mono, ya mu 2014 ija anadula kuchokera pa matepi mwachindunji osadutsa pa kompyuta. Taxman ya mono imamenya pachifuwa, simungaiwale.

Nsingano_Yakale
Mayi, zimenezo za mono ndinkazimva koma sindinakhalepo nayo. Komabe stereo yangayo inatuluka 1966, eni ake ali moyo, ndipo sanaikane.

ChikutuChaLekodi
Tisanamizane apa. Nkhani yonseyi ndi ndalama. Chimbale chomwecho munagula pa lekodi, n'kugulanso pa kaseti, pa CD mu 1987, pa CD ina mu 2009, lero akuti chakwanitsa zaka 50 gulaninso m'bokosi lokhala ndi buku ndi zithunzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo kumbukirani lamulo la ku Ulaya. Anatalikitsa umwini wa nyimbo zojambulidwa kuchoka pa zaka 50 kufika 70, koma zomwe sizinatulutsidwe m'zaka 50 zoyambazo zimataya chitetezo. N'chifukwa chake kumapeto kwa 2012 Sony inatulutsa zojambula za Bob Dylan za 1962 makope pafupifupi 100 okha, ndipo mu 2013 za Beatles za 1963 zinatulukira mwakachetechete pa iTunes. Mabokosi odzaza ndi zoyeserera za mu situdiyowa si chikondi chokha ayi.

KamnyamataWaBezi
Ndalama inde, koma ndani anakukakamizani kugula? Yakale mukadali nayo m'nyumba.

ChikutuChaLekodi
Ine ndili nayo. Iwe uli nayo? Ukalemba dzina la nyimbo pa foni, imabwera pamwamba ndi iti? Mdzukulu wako adzadziwa iti?

Gitala_Ya_Mzuzu
Ndilowepo ndi mbali ina. Si remix iliyonse yomwe imafuna kusintha chimbale. Mverani ntchito za Steven Wilson. Munthu ameneyu wasakanizanso King Crimson, Yes, XTC ndi Jethro Tull, ndipo njira yake ndi yotsata mapazi a kusakaniza koyamba: chida chomwe chinali kumanzere chikhale kumanzere, pamene mawu ankazilala azilalebe pomwepo. Chomwe amachotsa ndi chifunga chokha.

Chitsanzo chabwino ndi Aqualung ya Jethro Tull ya 1971. Anaijambulira ku situdiyo ya Island ku Basing Street mu London, nyumba yomwe kale inali tchalitchi, ndipo Ian Anderson, mtsogoleri wa gululo, mwini wake wakhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti chipinda chachikulucho sichinkamveka bwino. Ine ndinakula ndi CD yake yakale, yowonda, ng'oma ngati akumenya makatoni. Remix ya 2011 nditaimva ndinakhala pansi. Gitala ya Martin Barre inali ndi mnofu, bezi inali ndi miyendo, koma nyimbo zinali zomwe zija ndendende. Apa mwini nyimbo ali moyo, wavomereza, ndipo ndi iye amene ankalira kuti zinalakwika. Pamenepa tinganene kuti aononga mbiri?

Chinanso chomwe ndimamulemekezera ndi choti mabokosi ambiri omwe wagwirapo amaikamo kusakaniza koyambirira, kotengedwa pa tepi osakuthira kalikonse. Umamvera zonse ziwiri n'kusankha wekha.

Injiniya_Wopuma
Pa Aqualung onjezerani ichi: ya 2011 itachoka m'manja mwa Wilson inadutsanso kwa munthu wina wa mastering, wokonza mawu komaliza chimbale chisanatuluke, ndipo anthu ena anadandaula kuti yawala mopitirira. Mu 2016 anaitulutsanso mmene Wilson mwini ankafunira. Ndiye nthawi zina chomwe chikukupwetekani khutu si remix, ndi dzanja lomaliza.

MbaleZaAgogo
Inu mukukamba zabwinozo. Ndikukumbutseni zoipa, kuti mudziwe chifukwa chomwe ena tikamva mawu oti remix timagwira chikwama. Mu 1987 zimbale zoyambirira za ZZ Top zitatuluka pa CD, anazithira mkokomo wa m'ma 1980, ng'oma zikulira ngati za makina. Tres Hombres, chimbale chouma cha 1973 chonunkha fumbi la ku Texas, chinasanduka china. Kwa zaka pafupifupi 20 wogula CD ankapeza chimenecho, mpaka 2006 pamene anabwezeretsa choyambirira.

Choposa apo ndi cha Ozzy Osbourne. Mu 2002 Blizzard of Ozz ndi Diary of a Madman zinatulukanso atafufuta bezi ya Bob Daisley ndi ng'oma za Lee Kerslake, n'kujambulitsa Robert Trujillo ndi Mike Bordin m'malo mwawo. Nthawi imeneyo awiri aja anali pa mlandu ndi a Osbourne wokhudza malipiro. Tangoganizani, munthu unatuluka thukuta mu situdiyo mu 1980, lero akuchotsa ngati sunakhaleko. Anazibwezeretsa mu 2011 anthu atakwiya kwa zaka zambiri. Khomo likatseguka loti zakale tingazikonze, amalowapo ndi a zolinga zabwino ndi a zoipa omwe.

Gitala_Ya_Mzuzu
Zimenezo si remix achimwene, ndi kujambulanso. Musaike Wilson m'dengu limodzi ndi zimenezo.

MbaleZaAgogo
Nanga A Momentary Lapse of Reason ya Pink Floyd, ija ya 2019, anajambulanso ng'oma za Nick Mason n'kubwezeretsa makiyibodi a Richard Wright? Anthu ambiri anaiyamikira. Malire ali pati? Ukajambulanso chifukwa cha mlandu ndi tchimo, ukajambulanso chifukwa sukukondanso kamvekedwe ka 1987 ndi luso?

Gitala_Ya_Mzuzu
Malire ndi oti Mason ndi mwini ng'oma wa gululo, ndipo ya 1987 sanaichotse pamsika.

Ampulifaya_Yotentha
Pepani ndipatuke pang'ono poti akatswiri mwasonkhana. Magetsi akazima ndikayatsa inveta, ampulifaya yanga imayamba kung'ung'udza, makamaka ndikasankha galamafoni. Pa CD sizimveka kwambiri. Vuto lili pati?

Injiniya_Wopuma
Zinthu ziwiri. Choyamba onani ngati kawaya kakang'ono ka earth kochokera ku galamafoni kamangidwa pa kasikuluwu kake kuseri kwa ampulifaya. Mawu ochokera ku nsingano ndi ochepetsetsa, amakwezedwa kwambiri, ndiye kaphokoso kalikonse kamakwera nawo. Chachiwiri onani inveta yanu. Ikakhala ya modified sine wave, thiransifoma ya ampulifaya imang'ung'udza ndipo imatentha. Pa zida zoimbira pamafunika ya pure sine wave.

MbaleZaAgogo
Ndipo poti tapatuka kale, a kuchigwa cha Shire musasiye malekodi m'galimoto ngakhale ola limodzi mwezi wa Okutobala. Anga atatu anapindika ngati mbale ya ndiwo. Aimikeni chilili, musawasanjikize, ndipo akhale kutali ndi zenera. Potsuka, madzi osungunula a batire aja osathira asidi, ndi kadontho kamodzi ka sopo wa mbale, kansalu kofewa, kutsata mizere mozungulira. Pepala lapakati lisanyowe.

Ampulifaya_Yotentha
Kawaya kaja kanali lende. Ndamanga, phokoso lachepa kwambiri. Zikomo akulu.

Woyang'anira_Gulu
Za mainveta titsegulire mutu wake. Tibwerere ku funso la a Nsingano.

WakuChingola
Ine ndikuyankha kuchokera ku Zambia, ndipo nkhani iyi kwathu ili ndi nkhope ina. Inu mukukangana za anthu omwe matepi awo anasungidwa m'zipinda zozizira kwa zaka 60. Ife tinali ndi rock yathu m'ma 1970, Zamrock: WITCH ya Jagari Chanda, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz a ku Kitwe. Chuma cha kopa chitagwa, ndipo matenda atatenga oimba ambiri, nyimbozi zinangotsala m'malekodi okandika m'nyumba za anthu. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndi yomwe yazitulutsanso zambiri.

Chomwe ndikufuna a Nsingano amve ndi cha chimbale cha Amanaz chotchedwa Africa, cha 1975, momwe muli Khala My Friend. Chimbalechi chinatuluka m'masakanizidwe awiri kalekale komweko. Kwina ndi kouma, mawu ndi ng'oma zili kutsogolo. Kwina ndi kodzaza mkokomo, mawu akumira ngati akuimbira m'phanga, magitala akulira pamwamba. Now-Again potulutsanso mu 2015 inaika onse awiri m'chikutu chimodzi. Malume anga anakula ndi kouma kuja ndipo amati kwa mkokomo ndi kolakwika. Mnzawo wa ku Ndola anakula ndi kwa mkokomo ndipo amati kouma kulibe mzimu. Onse awiri akunena za 1975, onse awiri akulondola. Yomwe munthu anayamba kuimva ali mnyamata ndi imene amaitcha yeniyeni.

Ine ndikanakonda tikanakhala ndi vuto lanulo. Matepi a matiraki ambiri a Lazy Bones!!, chimbale cha WITCH, atapezeka mawa, wina n'kuwasakanizanso bwino, ndingavine usiku wonse.

Nsingano_Yakale
A WakuChingola mwandigwira pamtima. Amanaz ndinkaimva kwa mnzanga wina yemwe ankagwira ntchito ku migodi, koma za masakanizidwe awiriwo ndazimva lero.

Wailesi_Ya_Makala
Kunonso ku Malawi magulu ambiri akale ankajambulira ku MBC pa matepi a mikombero, nthawi zambiri onse kuimba pamodzi kamodzi n'kamodzi. Zoterozo palibe cha remix, pokhapokha mwina ndi pulogalamu yozula zida ija a Injiniya anena. Koma choyamba ndi kupulumutsa tepiyo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Injiniya_Wopuma
Apa mwakhudza chinthu chomwe odana ndi ma remix amaiwala. Tepi si mwala. Matepi ambiri a pakati pa zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ali ndi matenda oti guluu womata utoto wa maginito amayamwa chinyezi n'kuyamba kunanda. Ukaiyendetsa choncho imasiya utotowo pa mitu ya makina, nyimbo n'kumatha uku ukumvera. Mankhwala ake ndi kuiika mu uvuni wapadera, kutentha kwa madigiri 50 ndi pang'ono, kwa maola ambiri, kenako kuikopera msanga isanabwerere mwakale. Ntchito imeneyi ndi yodula, ndipo kampani siichita popanda chogulitsa. Ndiye bokosi la zaka 50 lomwe a Chikutu akulinyoza ndi lomwe nthawi zambiri limalipira kuti matepi atsike pa shelefu n'kukoperedwa. Kumbukiraninso moto wa mu June 2008 ku Universal Studios ku Hollywood, womwe unapsereza nkhokwe ya matepi, kukula kwa chionongekocho n'kudzamveka bwino mu 2019. Zomwe zinapsa zisanakoperedwe zinapita.

ChikutuChaLekodi
Kukopera tepi ndi kwina, kusintha nyimbo ndi kwina. Akopere, asunge, atigulitse yoyambirira yoyera. Zokankhira bezi kutsogolo kuti igwirizane ndi nyimbo za lero pa foni ndi zomwe ndikukana.

KamnyamataWaBezi
Koma bezi ija Paul anaiimbadi choncho. Kale ankaichepetsa podula lekodi kuopa kuti nsingano ingalumphe pa magalamafoni otchipa. Lero choopa palibe, ndiye tiibisirenji?

MlongoWakuLeeds
Mwana wanena zoona, koma a Chikutu nawonso ali ndi mfundo. Vuto langa ndi ena mwa ma remix atsopano si malo a zida, ndi kupanikiza mawu. Pofuna kuti nyimbo imveke mokweza, amatsitsa nsonga zake n'kukweza zapansi, mpaka pofewa ndi pokweza pamakhala pafupifupi chimodzimodzi. Mphindi zisanu zoyamba umasangalala, chimbale chikamatha wayamba kutsitsa voliyumu osadziwa chifukwa. Sgt. Pepper ya 2017 pa CD inandichita zimenezo. Abbey Road ya 2019 ayi, koma ija sinkafunikanso kukonzedwa kwenikweni, popeza inajambulidwa pa matiraki asanu ndi atatu ndipo stereo yake inali yabwino kuyambira 1969. Ndikaziika pamodzi, Here Comes the Sun yatsopano ili ndi mawu oyankhira omveka bwino, koma mtima wanga umabwerera ku yakale.

Langizo langa poyerekeza: linganizani voliyumu kaye. Khutu la munthu limasankha yokwezeka nthawi zonse, ngakhale kusiyana kukhale kochepa.

AnalogiYekha
Zonsezi zikuchitika pa kompyuta. Nyimbo ikangolowa mu digito yafa. Lekodi yodulidwa kuchokera ku fayilo ndi CD yaikulu yakuda basi. Ine khutu langa limazindikira pa masekondi khumi.

Injiniya_Wopuma
Achimwene, mawu amenewo ankanenedwa kwambiri isanafike 2022. Chaka chimenecho zinaululika kuti Mobile Fidelity, kampani yomwe malekodi ake okwera mtengo ankatamandidwa ngati analogi yeniyeni, inakhala ikukopera matepi ku DSD, yomwe ndi digito, isanadule malekodi ambiri, kwa zaka zingapo. Olemba za zida zoimbira otchuka anali atawayamikira malekodi omwewo osazindikira kanthu. Nkhani inafika kukhoti, kampani n'kugwirizana ndi ogula zowabwezera. Kulakwa kwawo kunali kusanena zoona, koma phunziro kwa ife ndi loti digito yochitidwa bwino khutu siliigwira mophweka. Chomwe mumamva ndi zosankha za munthu amene wakhala pa makinawo.

AnalogiYekha
Iwowo sanazindikire. Ine ndikanazindikira.

MlongoWakuLeeds
Yesani tsiku lina wina akusinthireni inu mutatembenuka, kakhumi, mulembe mayankho. Ine ndinayesa ndi mwamuna wanga, ndinapeza kasanu ndi kamodzi. Kuyambira pamenepo ndimasamala polankhula.

Nkhumba_Youluka
Palibe amene watchula Animals ya Pink Floyd, ndipo kwa ine ndi umboni waukulu woti remix ingathe kuchita chilungamo. Chimbale cha 1977 anachijambulira mu situdiyo yawo yatsopano ya Britannia Row, ndipo chinatuluka chakuda, ng'oma zili kuseri kwa chitseko. James Guthrie anachisakanizanso mu 2018, koma chinakhala m'kabati mpaka September 2022 chifukwa Roger Waters ndi David Gilmour sankagwirizana pa mawu olembedwa m'chikutu. Mverani Dogs pa yatsopanoyi, magitala a Gilmour oimba awiriawiri aja, ndi ng'oma za Mason zomwe tsopano zili ndi khungu. Koma ndivomere chinthu chimodzi. Mdima wa yakale uja unkagwirizana ndi mkwiyo wa chimbalecho. Ndikakhala wokwiya ndimaika ya 1977. Ndikafuna kumva mmene anaimbira ndimaika ya Guthrie.

KamnyamataWaBezi
Nanga Dolby Atmos akuluakulu? Dark Side of the Moon ya Pink Floyd, ija ya 2023, ili nayo. Mawotchi a pa Time amakuzungulira mutu.

Nkhumba_Youluka
Chimbale chimenecho chinali kale ndi kusakaniza kwa masipika anayi kwa injiniya Alan Parsons m'ma 1970, ndiye kuzungulira si kwachilendo kwa icho. Koma Atmos yeniyeni imafuna masipika ambiri, ena kudenga. Ya pa mahedifoni ndi kuyerekeza chabe. Ndani mwa ife ali ndi chipinda choterocho?

ChikutuChaLekodi
Palibe wayankha funso langa lija. Mdzukulu adzamva iti? Lero zonse ziwiri zilipo, chabwino. Koma amene ali ndi kiyi wa nkhokwe ndi kampani, ndipo pa intaneti chinthu chimachoka usiku umodzi popanda kukufunsa. ZZ Top yatiphunzitsa kuti choyambirira chingasowe zaka 20. Ine malekodi anga ndi ma CD anga sindigulitsa.

Gitala_Ya_Mzuzu
Pamenepo tikugwirizana. Ine ndimagula remix ngati m'bokosimo kapena pamsika yoyambirira ilipo. Akaichotsa, ndalama yanga sailawa.

WakuChingola
A Nsingano, kandimverere adakanena za m'maluwa. Ife takamba zambiri, koma malekodi onse awiri ali m'nyumba mwanu. Ngati ampulifaya yanu ili ndi batani la mono, yesaninso yakaleyo mutalidina. Si mono yeniyeni ya 1966 ija, popeza imeneyo anaisakaniza payokha, koma mudzamva pang'ono zomwe a Mlongo akunena.

Nsingano_Yakale
Ndabwerako. Dzulo usiku magetsi analipo, ndinakhala ndi mwana wanga kuyambira 8 koloko mpaka pakati pa usiku, nyimbo imodzi pa yakale, yomweyo pa yatsopano, voliyumu titalinganiza monga mayi a ku Leeds ananenera.

Ndinene mosabisa. Pa Eleanor Rigby yatsopano yandigonjetsa. Zoimbira zisanu ndi zitatu za nsambo zija, mavayolini anayi, maviyola awiri ndi machelo awiri, pa yanga zimamveka ngati mtolo umodzi. Pa yatsopano ndinamva uta ukukhuza nsambo, chelo ali mbali yake, ndipo mawu a Paul ali pakati ngati munthu waima pakhomo. Mwana wanga anandiyang'ana, ine osalankhula. Pa Here, There and Everywhere chimodzimodzi, mawu oyankhira aja ndinali ndisanawamvepo bwino chotero m'zaka 40.

Koma pa Taxman ndi She Said She Said sindinasunthe. Zakale zili ndi ukali wina wake, zida zikupanikizana ngati anthu m'minibasi, ndipo ukaliwo ndi mbali ya nyimbo. Akazipatsa malo aliyense, zimakhala zaulemu kwambiri. Tomorrow Never Knows ndiye sindikudziwa, ndiibwerezanso. Paja timatepi tozungulira tobwerezabwereza mawu ta m'nyimboyi ankatilowetsa ndi manja pa nthawi yosakaniza, anthu ataimirira m'zipinda zosiyanasiyana atagwira mapensulo, ndiye kusakaniza komweko kunali kuimba. Chimenecho ndikuona kuti sichibwerezeka.

Batani la mono ndinadina. Ng'oma zinabwera pakati, koma mawu anakwera kuposa zida. Mwana wanga akuti m'bokosi lalikulu la 2022 muli mono yeniyeni, koma iye ananditengera ya lekodi imodzi.

MlongoWakuLeeds
Ilimo, ndipo pa intaneti iliponso m'gulu la Super Deluxe. Muuzeni mwanayo akutsitsireni asanabwerere, mulumikize foni ku ampulifaya pa AUX. Muyambe ndi I'm Only Sleeping, magitala obwerera m'mbuyo aja amalowa malo osiyana ndi a pa stereo.

KamnyamataWaBezi
Bambo Nsingano, ine ndimakhala ku Chilomoni. Lekodi ya 1966 sindinaimvepo pa masipika enieni, ndimangomvera pa foni. Mungandilole ndidzabwere Loweruka lina ndidzamve Taxman yanuyo?

Nsingano_Yakale
Bwera mwana wanga, unditumizire uthenga kumbali tigwirizane nthawi. Ubwere masana dzuwa likadalipo, kuti magetsi akazima tiyendere solayi. A Injiniya, ngati muli mu Blantyre momwemuno mubwere nawo, mudzandionereko nsingano yanga, ndikuganiza kuti yayamba kutha chifukwa nyimbo zakumapeto kwa mbali iliyonse zikumveka zokanda.

Injiniya_Wopuma
Ndibwera ndi galasi lokulitsira ndi kasikelo koyezera kulemera kwa mkono. Musaikenso lekodi ya ku Thyolo ija mpaka titaiona nsinganoyo, yakutha imadya mizere.